Anamuuza Hoagie ndani?

Sabata ino tabwera ndi nkhani ya masewera a pakompyuta amene anatisowetsa tulo masiku atatu, ife ndi mng'ono wathu. Dzina lake ndi Day of the Tentacle. Anawatulutsa ndi a LucasArts m'chaka cha 1993, ndipo anakonzedwanso mu 2016. Ife tinasewera okonzedwansowo pa laputopu yobwereka.

Wosewera amayendetsa anthu atatu amene ali panyumba imodzi koma m'nthawi zosiyana. Bernard ali m'masiku ake, Hoagie watayika zaka 200 m'mbuyo, pamene Laverne wagwera zaka 200 m'tsogolo. Chimene angathe ndi kutumizirana tizinthu kudzera m'makina ooneka ngati chimbudzi.

Mfundo ina tinaimasula mokondwa. Hoagie akufuna vinyo wosasa wopangira batire. Apereka botolo la vinyo kwa Thomas Jefferson kuti alitsekere m'bokosi losungira mibadwo yam'tsogolo. Patapita zaka 400 Laverne atsekula bokosilo, apeza vinyo atasasa, namutumiza kwa mnzake. Apa zonse zikumveka, pakuti Hoagie akudziwa chimene akusowa, ndipo aliyense amadziwa chimene zaka zimachita ndi vinyo.

Pamene tinakakamira ndi pamtengo. Laverne afika m'tsogolomo atakodwa panthambi, ali lendelende. Kuti atsike, Hoagie ayenera kupaka penti wofiira zipatso za mtengo womwewo m'nthawi yake, kenaka kumuputa George Washington kuti audule, poganiza kuti ndi mtengo wa matcheri. Ukagwa m'mbuyomo, m'tsogolo usowa, Laverne n'kugwa pansi. Ana a ku America amakula akumva nthano yakuti Washington ali mwana anatema mtengo wotere, nthano imene Mason Locke Weems anaifalitsa mu 1806. Ife sitinakule nayo, choncho tinazungulira nyumba yonse ndi chitini cha penti m'manja.

Titapambana, mng'ono wathu sanasangalale. Anafunsa kuti, “Achimwene, anamuuza Hoagie ndani kuti Laverne ali mumtengo?” Tinasowa chonena. Hoagie sanamuonepo Laverne atalendewera. Amene anaona ndi ife ogwira kompyuta, ndipo tinamuchititsa mnyamatayo chinthu chimene iye analibe chifukwa chochichitira. Tinayesa kunena kuti Hoagie ndi munthu wachibwana, angathe kupaka zipatso pongofuna kuseka. Mng'ono wathu anakana: ngati ndi choncho, ndiye kuti Laverne anapulumuka mwangozi.

Ife tikuona kuti mwanayo analasa. Mfundo ya vinyo ndi yolukidwa bwino koposa, chifukwa nzeru za wosewera ndi za Hoagie zimayenda njira imodzi. Ya mtengo imayenda ndi nzeru za wosewera yekha. Komabe tivomere kuti imene tinaseka mpaka kutuluka misozi ndi ya mtengo yomweyo, ndipo laputopu tinabweza kwa mwini wake mkangano usanathe.