Bwalo la mpira likamera udzu

Mayeso a MSCE akamayandikira, kapena a Giredi 12 ku Zambia, nthawi ya masewera olimbitsa thupi ndiyo imayamba kuchotsedwa pasukulu. Mphunzitsi wa masamu amaitenga, ndipo palibe amene amadandaula.

Mtsikana wina wa Fomu 4 analetsedwa mpira wamanja ndi bambo ake, amene anagulitsa fodya kuti amulipirire fizi. Mantha awo anali omveka, pakuti mwanayo akanalephera, ndalama yobwerezera kalasi panalibe. Komatu kuyambira pamenepo mtsikanayo ankangoodzera pabuku madzulo, usiku tulo osabwera, zimene wawerenga n'kumaiwalika.

Bungwe la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu mphindi zosachepera 60 patsiku. Munthu akathamanga, magazi amafika bwino ku ubongo, tulo timabwera msanga, maganizo amakhazikika. Mpira suphunzitsa masamu, koma mutu wopuma bwino umawagwira msanga.

Nkhani ndi ina kwa mnyamata woyenda mtunda wautali kupita kusekondale yoyendera, m'mimba muli pululu. Iye thukuta walitulutsa kale panjira, ndipo akamaodzera m'kalasi amakhala akusowa phala.