Khoma la miyala limafuna laimu

Ndine mmisiri womanga, ndipo ntchito ya pamtima panga ndi kukonza nyumba zakale za miyala. Amene adakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba amaidziwa Stone House ya ku Khondowe. Idamangidwa mu 1903 kuti azikhalamo Dr Robert Laws, mishoni ya Livingstonia itakhazikika paphiripo mu 1894 kuchokera ku Bandawe. Laws adachoka mu 1927, koma nyumbayo ilipobe, ndipo lero amasungiramo zinthu zakale. Anzanga akamathamangira zithunzi zam'katimo, ine ndimatsalira panja kuyang'ana momwe miyala idalumirana.

Mwala timaugoneka momwe udagonera m'thanthwe, ndipo wapamwamba uyenera kuphimba mpata wa iwiri yapansi pake. Mpata ukatsika woongoka kudutsa mizere itatu, mng'alu udzadzera pomwepo.

Chimapha nyumba zoterezi ndi madzi, makamaka kumapiri komwe nkhungu imachedwa kuyera. Amisiri akale ankamangira laimu kapena dothi. Laimu amamwa chinyezi, dzuwa likawomba n'kuchitulutsa. Simenti amagwira zolimba kuposa miyala yambiri yofewa, ndiye madzi akalowa kumbuyo kwake amasowa potulukira, n'kuyamba kudya mwala weniweniwo. Ndidaitanidwapo ku nyumba ina yakale komwe wina adamata simenti khoma lonse pofuna kuthandiza. Nditagogoda ndi hamala, khomalo lidalira ngati ng'oma. Kuseri kwake mwala unkafumbutuka m'manja. Mtima udandiwawa, chifukwa mwala umene wina adausema ndi manja zaka zoposa 100 zapitazo sungaugule kusitolo.

Pokonza, ndimakolokosa matope ovunda ndi tchizulo chaching'ono, pang'onopang'ono, kuti ndisabenthule m'mphepete mwa mwala. Ndimasefa mchenga wa kumtsinje, kusakaniza ndi laimu amene wagonera m'madzi, kunyowetsa mpatawo, kenako kukanikiziramo matope atsopano mpaka adzaze. Pamwamba ndimafunditsa masaka onyowa masiku angapo. Laimu amalimba pokoka mpweya, ndipo akauma msanga amasweka. Eni nyumba ambiri amatopa pamenepa, amati ndikuchedwetsa dala ntchito.

Ndisanakhudze khoma ndimayamba ndakwera padenga. Lata limodzi lodontha, kapena ngalande yotsekeka ndi masamba, zimatha kuononga m'dzinja limodzi ntchito yanga ya chilimwe chonse. Mwini nyumba akati ndalama zachepa, ndimamuuza kuti tiyambe denga ndi ngalande, khoma tidzalibwerera mvula ikatha.