Miyendo itatu ya kamera

Masiku ano ojambula aculuka kuno ku Chifunde. Paukwati, pamsonkhano wa kusukulu, ngakhale pabwalo la gule, mupeza manja khumi ali m'mwamba, lililonse ndi foni yake. Cimene casowa ndi cija coimikapo kamera, ca miyendo itatu ngati mafuwa, cimene pa Cipwitikizi amati tripé. Anyamata amati ncacikale, cimangolemetsa njinga, popeza makina atsopano amadziletsa okha kugwedera. Ine ndimacinyamulabe ndikamapita kukajambula za bungwe lathu.

Anyamatawo sakunama konse. M'caka ca 1995 kampani ya Canon ya ku Japan inatulutsa galasi la kamera lokhala ndi kacipangizo komva kunjenjemera kwa dzanja. Dzanja likapendekera uku, kagalasi kena ka m'kati kamasunthira uko, cithunzi nkukhala bata. Lero nzeru yomweyo ili m'mafoni ambiri, ndipo ena amacita kudula m'mphepete mwa kanema kuti pakati pasagwedezeke. Gule akalowa m'bwalo, fumbi lili koboo, ana akuthawira uku ndi uku, miyendo itatu ingokukola nkukugwetsa. Amene tinadutsapo pa Cassacatiza kupita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, tikudziwa: Acewa a maiko atatu akasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, malo oika phazi lako lomwe amasowa. Pamenepo foni ya m'manja yapambana.

Koma kacipangizo kaja kamathandiza kunjenjemera, sikathandiza kutopa. Ndipo nchito yaikulu ya bungwe lathu si ya mphindi ziwiri ai. Ndi kukhala pansi ndi akuluakulu, atiuze za mikoka yao, za malire akale a minda, za m'mene anathawira nkhondo kuwolokera ku Zambia, ena mpaka kukakhala ku Ukwimi, ku Petauke, nkudzabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992. Nkhani yotere siyamba msanga. Agogo amayamba ndi mvula, kenaka mbuzi, kenaka dzina la munthu amene anamwalira kale, ndipo ceniceni cimatuluka ola litatha. Yesani kukweza foni kwa mphindi khumi zokha muone. Mkono umatsika pang'onopang'ono, mutu wa agogo nkuduka, nkutsala cibwano ndi denga la khonde. Zala zikamasisita foni, phokoso lake limalowanso m'mau.

Pali cina coposa mkono. Munthu wogwira foni amaima, kapena amagwada pafupi kwambiri, maso ali pa kagalasi, cinthu cili pamphuno pa mkulu. Kwathu kuno mwana salankhula ndi mkulu motero. Kamera ikakhala pa miyendo yake cakumbali, ine ndimakhala pamphasa, pansi pa mpando wao, manja ali omasuka kuomba m'manja ndi kulandira cikho ca thobwa. Ndimayankha kuti "Inde agogo," iwo nkumayang'ana ine. Pakapita kanthawi amaiwala kuti pali makina, ndipo mau ao amasintha, amasiya kulankhula ngati ali pamlandu. Amai okalamba makamaka, amene foni ikawaloza amafunda citenje kumaso, amafika poimba.

Za Gule Wamkulu nazo nzofunika kuzinena poyera. Cicokereni 2005, pamene UNESCO inalengeza kuti guleyu ndi cuma ca anthu onse, ca Malawi, Mozambique ndi Zambia, ofuna kumujambula aculuka, ndipo makanema ake amayenda pa WhatsApp ndi Facebook kufika kumene sitidziwa. Koma si zonse za pabwalo zimene zili zoonetsa. Miyendo itatu siibisika. Ukaiimika, akuluakulu a kudambwe amabwera, amaona kumene diso lake lapenya, nkunena kuti apa inde, uko ai, ndipo ikhala pomwepo mpaka gule atatha. Foni ya m'manja ilibe malo. Imatembenuka ndi mwini wake, imatsata gule pobwerera kuthengo, ndipo pofika madzulo zimene inaona zili kale ku Johannesburg. Mwina mnyamatayo sanafune kulakwira munthu, dzanja ndilo linangotsata maso. Ndaonapo mfumu ikuloleza kamera yaikulu yoimikidwa, koma nkulamula kuti mafoni onse alowe m'matumba, ndipo sindinadabwe.

Usiku, pa moto kapena pa mwezi, miyendo itatu imasunga oimba ng'oma ndi mitengo kuti zioneke bwino, koma wovina amatulukabe ngati utsi. Zimenezo palibe cipangizo ca dzanja cingakonze, pakuti wagwedera ndi iyeyo.

Wina anganene kuti cogula kusitolo ncodula, ndipo ncoona kuti sucipeza pamsika wa pamudzi. Dulani nsungwi zitatu zofika m'cifuwa, muzimange pamodzi kumtunda ndi mphira ya cubu ca njinga, mutambasule kunsi. Pamwamba mangani kathabwa, foni itsamire pamenepo, yogoneka cam'mbali, nayonso yomangidwa ndi mphira. Ngati kuli mphepo, pacikani kathumba ka mcenga pakati. Amene muli ndi kamera ya galasi lakale, zimitsani kacipangizo kaja mukaiimika, cifukwa kakasowa dzanja loti kalimbane nalo kamayamba kusuntha kokha.