Ngolo yogonamo ya mphwanga

Shedi imene bambo anga anatisiyira kuno kwa Likoswe ndi ya mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, ndipo khomo lake ndi loti munthu wokankha njinga adutse, basi. Ndinakulira m'menemo ndikuwapatsira masipanala. Ankakonza njinga zakapalasa, za Humber ndi Raleigh, kenako za Phoenix ndi Hero zitayamba kuchuluka. Zida zawo zinali nyundo, sowo, pampu ndi beseni la madzi lofufuzira pomwe chubu chaboka. Chitsulo chikathyoka ankachimanga ndi mabawuti, zikakanika mwini wake ankachinyamula ulendo wa ku Limbe, kwa owotcherera.

Ngolo sitinkaidziwa kwenikweni. Ku Chiradzulu anthu ndife ambiri, minda ndi ing'onoing'ono, ndiye ng'ombe zokoka ngolo zimene mumaziona ku Dowa kapena ku Kasungu kuno zikadya kuti? Ngolo yathu inali mutu wa mayi anga. Ankaika nkhata, kusenza dengu la tomato, n'kunyamuka tambala woyamba atangolira. Malonda akavuta dzuwa n'kuwalowera ku Limbe, ankagona pakhonde la sitolo atafunda chitenje, dengu ali nalo pambali, mpaka mlonda adzawadzutse mbandakucha.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Magetsi anatipeza. Sukulu yaukachenjede ya Akatolika itatsegulidwa ku Nguludi mu 2006, anthu oyenda anachuluka ndipo akabaza anadzaza pamphambano ya msewu wa Midima. Kenako kunabwera njinga zamoto, zambiri zolowera ku Muloza kuchokera ku Mozambique, ndipo ine amene ndinaphunzira kuwongola masipoko ndinayamba kuphunzira mapulagi nditamera kale imvi.

Kumapeto kwa 2021 mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anabwerako ku Johannesburg ndi makina owotcherera aang'ono ngati wailesi, gilayinda, ndi maganizo amene ine ndinawayesa misala. Akuti kumeneko ikafika Disembala mumaona magalimoto akukoka tinyumba ta mateyala, eni ake akupita kukapuma kunyanja.

"Malume, tipange kathu," anatero.

Ndinaseka. Munthu wanzeru zake n'kusiya nyumba yabwinobwino kukagona m'bokosi? Koma iye sankanena zopuma. Amagulitsa kaunjika m'misika, lero ku Namitambo, mawa ku Mbulumbuzi, ndipo phindu lake linkathera ku chipinda chogona ndi kwa osunga katundu. Ankafuna kangolo kokokedwa ndi njinga yake yamoto ya Lifan, konyamula belo masana, usiku n'kugonamo katundu ali kumutu.

Iye anabwera ndi zithunzi za pafoni, ine ndinabwera ndi tepi. Choyamba kuyeza sichinali chitsulo ayi, chinali khomo: masentimita 90. Bambo anga nthawi ina anakhoma tebulo la tchalitchi m'shedi momwemo n'kukanika kulitulutsa, ndipo mudzi wonse unaseka mwezi wathunthu. Choncho thupi la ngoloyo tinalipatsa masentimita 80 m'lifupi ndi 190 m'litali, mateyala n'kugwirizana kuti tidzawamangira panja. Mphwanga anadandaula kuti munthu sangatembenuke bwino. Ndinamuuza kuti akafuna kutembenuka azibwera kunyumba.

Malo ochepa amaphunzitsa ulemu. Njinga za makasitomala tinazipachika kudenga. Felemu ya mapaipi a sikweya tinkaiimika cham'mbali n'kuitsamiritsa kukhoma, kuwotcherera mbali imodzi, n'kuitulutsa panja kukaitembenuza chifukwa mkatimo sizikanatheka. Mmodzi akamadula, mnzake ankaima pakhomo kuthawa nthethe zamoto. Chitsulo chikatentha chimakokera mbali imene mwawotcherera, ndiye tinkayamba tadonthezera m'makona onse anayi, kuyeza mopingasa uku ndi uku, miyezo ikafanana m'pamene tinkamaliza.

Pa mateyala ndinalakwa ndine. Ndinakakamira a njinga yakapalasa, poti ndi amene ndimawadziwa. Koma teyala la njinga limalimba chifukwa njinga imapendekera pokhota. Ngolo sipendekera, katundu amakankha teyala cham'mbali, ndipo tsiku loyesa limu inapindika ngati nsengwa yakale. Tinakagula a njinga yamoto ogwiritsidwapo kale ku Ndirande. Pa chitsulo cholumikiza mateyala analakwa ndi iye: anachiika pakatikati penipeni, ngolo n'kumavina kumbuyo ngati mchira wa galu. Titachisunthira kumbuyo pang'ono kuti kulemera kwina kutsamire pa njinga, inayenda mowongoka.

Ntchito ya milungu itatu inadya miyezi isanu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi n'kuyamba kubwera ngati mlendo wosalonjeza. Tinkagona makutu ali ku firiji ya oyandikana nawo: ikangolira pakati pausiku, tonse kushedi. Mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mapulanga amene tinkafuna n'kukwera mtengo, mwakuti makoma tinakhoma ndi malata akale a khitchini ya mlongo wanga, denga n'kukhala la lona.

Inayenda misika miyezi ingapo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene matope ake anakokolola mudzi wa Ntauchira m'dera lathu lomweli, anadula misewu, ndipo ngoloyo inaima pabwalo. Masiku amenewo mayi anga, amene tsopano amayendera ndodo, anapempha kuti aione mkati. Tinawakweza, anagona chagada, n'kugwira malata uku ndi uku.

"Khonde la ku Limbe linali lalikulu kuposa pano," anatero. Anakhala chete pang'ono, kenako n'kufunsa mdzukulu wawo: "Ndiye iwe m'mawa amakudzutsa ndani?"