Khutu la makanika lapeza mboni

Ntchito yanga ndi yosamalira makina pafakitale ina yoyenga mafuta ophikira ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Soya ndi mpendadzuwa zikalowa pageti zimadutsa m'malamba, m'makina ophwanya ndi ofinya, mpaka mafuta afike m'zigubu. Zonsezi zimayenda ndi mamota, ndipo mota iliyonse imadalira maberingi. Beringi imodzi ikafa, anthu a shifiti yonse amangokhala pansi.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anayamba ndi kundiphunzitsa kumvetsera. Umatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pachitsulo chomwe muli beringi, chogwirira n'kuchiika pakhutu. Beringi yabwino imalira mosalala, pomwe yoyamba kudyeka imamveka ngati mwalowa mchenga. Njirayi sinama, ndipo mpaka lero sindinaisiye. Chovuta chinali chakuti zimene khutu langa lamva sindikanatha kuonetsa munthu wina. Ndikapita kwa akapitawo kukapempha kuti tiimitse mota, ankafuna umboni, poti nawonso amakhala ndi matani oti akwanitse tsikulo. Makina ankangopitiriza mpaka kuphwasuka usiku, shafiti n'kudyekera limodzi. Ntchito yomwe tikanaimaliza m'mawa umodzi inkatidyera masiku, tikudikira sipeya wochokera ku South Africa.

Masiku ano ndimayenda ndi kachipangizo kokhala ndi maginito komwe ndimakamatika pamota. Kamayeza mmene chitsulo chikunjenjemera, m'mamilimita pa sekondi, n'kutumiza manambalawo patabuleti. Apa mpamene pali phindu. Mamota athu ambiri amazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi. Kunjenjemera kukamatsatana ndi liwiro lomwelo, kawirikawiri pamakhala chinthu cholemera mbali imodzi, mwina fani yomwe yamatirira zinyalala. Kukamabwera kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndimayamba kukayikira kuti mota ndi makina ake sizinalunjikane. Beringi yodwala imaonekera m'kunjenjemera kofulumira kwambiri, nthawi zina khutu lisanayambe n'komwe kumva. Ndikaika manambala a mwezi watha pambali pa a lero, akapitawo amadzionera okha mzere ukukwera, ndipo timagwirizana tsiku loimitsa makina popanda kukangana.

Tilinso ndi kamera yoona kutentha. Waya wosamangika bwino m'bokosi la magetsi amaoneka wofiira pasikirini asanapse. Kamerayi yathetsa mkangano wakale wa girizi: achinyamata ambiri amaganiza kuti kuchulukitsa girizi n'kusamala, koma beringi yodzadzitsa imatentha, ndipo tsopano amaona ndi maso awo.

Pamakina aliwonse tinamata chizindikiro cha QR. Ambiri amachidziwira pa zolipira ndi foni, koma chinabadwira m'fakitale: kampani ya Denso Wave ya ku Japan inachipanga mu 1994 kuti izitsatira zitsulo zopangira magalimoto. Ndikachijambula, mbiri yonse ya makinawo imatuluka, tsiku lomwe tinasintha lamba, nambala ya beringi, ndi zomwe a shifiti ya usiku anaona. Chimene ndimakonda koposa n'chakuti munthu angathe kujambula mawu. Pali bambo wina wamkulu pakati pathu amene amadziwa makina ofinyira kuposa tonsefe, koma buku la malipoti ankalithawa chifukwa cha Chingerezi. Lero amangolankhula m'Chichewa, nzeru zake n'kutsala pamakinapo.

Zipangizozi zili ndi malire ake. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo poti magetsi akazima netiweki imasowanso, tinaona kuti pulogalamu ya patabuleti yodalira netiweki nthawi zonse njosathandiza kuno. Imafunika yosunga zinthu patabuleti pomwepo mpaka netiweki ibwere. Komanso palibe tabuleti yomwe ingateteze dzanja la munthu. Ndisanalowetse mkono m'makina ndimathimitsa switchi, kuikhoma ndi loko wanga, kiyi n'kuika m'thumba. Wophunzira aliyense wochokera m'makoleji a TEVETA ndimamuyambitsa pamenepo, kenako sikuludilaiva pakhutu, tabuleti pambuyo. Wosadziwa kulira kwa beringi yabwino sangazindikire tsiku lomwe kachipangizo kamatidwa molakwika n'kupereka manambala abodza.

Nkhawa yanga ili pa eni mafakitale amene angafune kugwiritsa ntchito zida zomwezi powerenga mphindi zomwe wantchito waima kuti apume. Zikatero anthu adzayamba kubisa zovuta, ndipo manambala adzakhala opanda pake. Inu amene mukufuna kugula zipangizozi, yambani mwafunsa amakanika ndi oyendetsa makina kuti chimawavuta n'chiyani, muwaphunzitse m'chinenero chomwe amamva, ndipo akanena kuti makina aime, muziwaimitsa.