Ndege yomwa palafini

Sabata imene Amerika anaphulitsa malo a zanyukiliya a ku Iran, mu June 2025, ine ndinali pa ulendo wa kumudzi. Nditatsika minibasi pa Njuli ndinapeza mphwanga akundidikira ndi njinga yake yamoto ya kabaza. Tisanapatsane ndi moni womwe, ananditulutsira foni yong'aluka galasi.

"Achimwene, mwaiona iyi?"

Pa vidiyopo panali ndege yakuda bii, yopanda mchira, yokhala ngati mleme wotambasula mapiko. B-2.

"Iyitu siuluka ngati ndege zinazi ayi. Ili ndi antigravity. Imazimitsa mphamvu ija imakokera zinthu pansi. Kungoti amabisa."

Ndinaseka, koma usiku umenewo ndinatha bando yonse ndikufufuza. Ndivomere, mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti zikhale zoona.

Mphekesera imeneyi ili ndi kwawo. M'zaka za m'ma 1920, mkulu wina wa ku Amerika, Thomas Townsend Brown, anaona kuti ukathira magetsi amphamvu kwambiri pa zitsulo ziwiri zosiyana kukula, chinthucho chimasuntha. Iye anakhulupirira kuti wagonjetsa kulemera. Kenako mu 1992 magazini ya Aviation Week inalemba kuti m'mphepete mwa mapiko a B-2 ndi mu utsi wake mumayenda magetsi. Wolemba wina, Paul LaViolette, analumikiza ziwirizi, basi nkhani n'kubadwa. Vuto n'lakuti chimene Brown anaona ndi mphepo chabe: magetsiwo amakankha mpweya, mpweyawo n'kukankha chinthucho. Ukachiika mmene mulibe mpweya, mphamvu ija imatha. Mu 2018 a pa sukulu ya MIT anaulutsadi kandege ka magetsi otere. Kankalemera makilo awiri ndi theka, ndipo kanauluka mamita 60, m'nyumba yochitira masewera.

B-2 yeniyeniyo ili ndi mainjini anayi a General Electric. Imamwa mafuta a ndege, amene ndi mtundu wa palafini. Zisanu ndi ziwiri zimene zinapita ku Iran zinanyamuka ku Missouri, n'kuuluka maola 18 kupita kokha, zikumwetsedwa mafuta m'mwamba momwemo ndi ndege zina. Kubisala kwake n'kwa kaumbidwe ndi zimene anaimata pakhungu: mafunde a radar akaigunda, ena amamezedwa, ena amamwazikira kwina m'malo mobwerera kwa amene anawatumiza. Chimene chinandisekesa n'chakuti masamu a zimenezi sanali obisika n'komwe. Anawasindikiza m'buku ku Moscow mu 1962 ndi Pyotr Ufimtsev, kwa adani awo enieniwo, ndipo mainjiniya a Lockheed anawawerenga n'kupangira F-117. Ndege imeneyo asilikali a ku Serbia anaigwetsa pa 27 March 1999 ndi mzinga wakalekale wa ku Soviet Union.

Nanga B-2? Anapanga 21 zokha. Imodzi inagwa ikunyamuka pa chilumba cha Guam pa 23 February 2008. Chinaigwetsa ndi chinyontho. Madzi analowa m'timakina toyeza mpweya, kompyuta n'kulandira manambala abodza. Ndege ya madola oposa biliyoni imodzi, kugwa chifukwa cha mvula.

M'mawa mwake ndinamufotokozera mphwanga zonsezi tili pakhonde. Anandimvera mpaka kumapeto, kenako anati, "Zimenezo ndi zomwe akufuna kuti inuyo muzidziwa."

Mawu amenewo ndinawamvapo kale, ndipo si pa foni.

Mu 2017, nkhani ya anamapopa itachokera ku Mulanje n'kufika ku Phalombe, Thyolo ndi kwathu kuno ku Chiradzulu, tinkagona panja m'magulu, amuna atagwira zikwanje ndi mipini. Ankati anthuwo ali ndi makina ochokera kunja, amalowa m'nyumba yotseka, amazimiririka ukawawalitsira tochi. Ukafunsa kuti ndani anawaona, ankakuyankha kuti kusawaonako ndiye umboni wa mphamvu zawo. Anthu anaphedwa m'maboma amenewa, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwina.

M'mudzi mwathu mantha aja atasowa mlendo woti agwire, anagwira mayi wina wachikulire, wamasiye, amene ankakhala yekha kuseri kwa dimba lathu. Mwana wina ananena kuti mayiyo amawakweza pa lichero usiku kupita nawo ku Joni, n'kubwerera tambala asanalire. Mukudziwa mmene nkhani za ndege za ufiti zimakhalira: mafuta ake ndi magazi a anthu, siioneka ndi maso, imagwa ikadutsa pa nyumba yotsirika. Anthu anagenda nyumba yake mpaka chitseko kugwa. Ine ndinali pomwepo, nditaima pansi pa mtengo wa mango, mnyamata woti wangolemba kumene Form 4, Physics yonse ili m'mutu. Sindinagende. Sindinalankhulenso kanthu. Mayi uja anatengedwa ndi mwana wake kupita ku tauni, ndipo anamwalirira komweko. Ankatipatsa nzimbe tili ana. Lamulo la 1911 limaletsa kumutchula munthu kuti ndi mfiti, koma tsiku limenelo lamulolo linali kutali ngati Missouri.

Mphwangayu amaseka za malichero. Amati ndi umbuli wa anthu akumudzi. Koma ndege yake ya pa TikTok ndi lichero lomwelo lopakidwa utoto wakuda: siioneka, siimva kulemera, eni ake amakana, ndipo kukana kwawoko ndiye umboni. Kusiyana kwake n'kumodzi. Mzungu wokhulupirira za antigravity sangakagende nyumba ya Northrop Grumman. Pali mpanda ndi asilikali. Woyendetsa ndege yathu ya kuno amakhala m'nyumba ya udzu, alibe mano, ndipo aliyense akudziwa njira ya kwawo.

Sindinamuuze zimenezi. Nthawi imeneyo iye anali ndi zaka 12, ndipo sindikufuna kudziwa kuti tsiku lija anaima pati.

Agogo anali chapafupi akupeta chimanga. Anaika lichero pansi n'kupempha kuti aone chimene tikukanganacho. Anaiyang'ana ndegeyo nthawi yaitali, foni ataifikitsa pamphuno.

"Ndiye chimleme chimenechi chimadya chiyani?"

"Palafini, agogo," ndinatero.

"Palafini? Mmene wadulira muno?" Anabweza foni kwa mphwanga, n'kutola lichero lawo. "Koma pali anthu a ndalama."