Njinga ya Makala pa Chitunda cha ku Ntchisi

Ambiri a inu mwakhala mukutifunsa za ulendo wa pa njinga umene tidayenda mu Ogasiti 2025, m'Chaka cha Jubile, kudutsa mapiri a Dowa mpaka ku nkhalango ya Ntchisi. Pabwalo la tchalitchi takhala tikusimba zokoma zokhazokha: zitunda, mphepo ya mwera ndi nyanja imene tidaiona chapatali. Koma chilipo china chimene takhala tikuchilambalala chifukwa chimatichititsa manyazi. Sabata ino tagwirizana kuti tichinene.

Tidalipo asanu ndi awiri, anyamata asanu ndi atsikana awiri. Tidapangana kuti tiyende masiku anayi popanda wotitsogolera ndiponso popanda galimoto yotitsata pambuyo. Njinga zathu zidali zamagiya, zamatayala amanomano, zina zobwereka, zina zogula pakaunjika. Pakaliya tidamangirira ndi malegeni mabulangete, ufa, usipa, mpope, zomatira chubu ndi kalata ya bambo mfumu yotipemphera malo ogona. Mapu adali mufoni. Pa nthawiyo n'kuti titangomaliza kuwerenga pagulu Laudato Si', kalata imene Papa Francis adalemba mu 2015 yokhudza kusamala chilengedwe. Tinkafuna kukaona ndi maso athu nkhalango imene idakalipo, ndipo kunena mosabisa mawu, tinkadziona ngati asilikali oteteza mitengo ya Mulungu.

Tidanyamuka pa Lumbadzi Misa yam'mawa itangotha, n'kukhotera mumsewu wa ku Dowa. Tidapuma pa Dzaleka, malo amene kale adali ndende ya andale, ndipo mu 1994 adasanduka msasa wa anthu othawa kwawo, makamaka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Madzulo tidafika pa boma la Dowa miyendo ili lendelende, tikuona phiri la Kongwe, kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula mishoni mu 1894. Akhristu anzathu adatilandira bwino, natipatsa chipinda choyalamo mphasa.

Tsiku lonselo tinkakumana ndi njinga za mtundu wina. Zidali zakale, zopanda magiya, zina zopanda ngakhale mapedulo, iliyonse itasenza matumba a makala osanjikiza mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Eni akewo sankapalasa. Ankangokankha, thukuta lili kamukamu. Ife sitidapereke moni kwa ndi mmodzi yemwe. Tinkalozerana mapiri ometedwa mpala n'kumati, "Adani a chilengedwe ndi amenewa." Wina mwa ife adafika poti anthu otere akadzamwalira, Mulungu adzawafunsa mtengo uliwonse. Tonse tidaseka.

Tsiku lachiwiri tidalunjika ku Ntchisi. Dzuwa lili paliwombo tidasiya msewu waukulu, n'kulowa njira yachidule imene foni idatilozera. Tidadutsa amayi pamjigo ndi madoda pansi pa mtengo, koma sitidafunse aliyense. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Njira ija idayamba kuchepa, kenaka idasanduka kanjira ka mbuzi kokwera ndi kutsika m'miyala, ndipo foni idathima. Dzuwa litapendeka, pachitunda china, njinga ya mlongo wathu wamng'ono pa tonse idalira kuti khwaa! Kachitsulo kosinthira magiya kadapindikira m'masipoko, tcheni n'kuduka. Iye adagwa, nasupuka bondo.

Tidali ndi zomatira chubu zokwana mwezi wathunthu, koma chokonzera tcheni tidalibe. Kuzizira kwa m'mapiri kudayamba kulowa m'mafupa. Apa ndi pamene umodzi wathu udaonekera msinkhu wake weniweni. Ena ankati atsogole akafune thandizo, koma m'maso mwawo munkaoneka kuti akufuna kudzipulumutsa okha. Ena ankakalipira amene adasankha njirayo. Mlongo wathu adangoti zyoli, misozi ili m'masaya. Korona idali m'thumba la aliyense, koma palibe adaikumbukira.

Tili mkati mokangana, tidamva kulira kwa tayala lolemedwa. Bambo ena achikulire ankatsika chitundacho ndi matumba atatu a makala, akudzikoka chammbuyo kuti njinga isawathawe. Iwo ndiwo adayamba kutilonjera.

"Mwaswera bwanji, ana anga? Nanga kuno kwada kale, mukupita kuti?"

Tidayankha monyinyirika. Iwo adatsamiritsa katundu wawo pachitsa, nagwada pafumbi, nayang'ana njinga ija. Adatulutsa msomali m'thumba, natola miyala iwiri. Adakhoma kapini ka tcheni mpaka katatuluka, nachotsa mfundo zowonongeka pamodzi ndi kachitsulo kopindika kaja. Kenaka adafupikitsa tcheni, naikoleka pa giya imodzi yapakati, nailumikizanso. "Magiya aiwaleni," adatero, "koma kwanu mukafika." Titawauza kumene tinkapita, adapukusa mutu. Njira imene tidaitenga inkathera kuphompho.

Chimene adachita pambuyo pake sitidzachiiwala. Adasungitsa makala awo pakhomo lina lapafupi, nabwerera nafe chitunda chomwe adali atangotsika, mpaka kwawo. Tidazindikira pambuyo pake kuti potero adataya msika wa m'mawa mwake. Mayi a kunyumbako adatsuka bondo la mlongo wathu ndi madzi ofunda amchere, natiphikira nsima. Ife tidatulutsa usipa, iwo adatulutsa mfutso, tonse n'kudyera pamodzi.

Tikuwotha moto, mmodzi wa ife adalimba mtima. "Pepani bambo, musatiyese amwano. Kodi simuona kuti makalawa akutha mitengo?"

Iwo adakhala chete kanthawi. Kenaka adatiuza kuti mtsinje umene ankasambamo ali mnyamata masiku ano umaphwa mvula ikangosiya, ndipo chaka ndi chaka amayenda mtunda wotalikirapo kuti apeze mtengo. Adati akudziwa kuti lamulo limaletsa, ndipo amayenda mwamantha. Koma munda ndi waung'ono, feteleza sagulika, ndipo ana awiri ali kusekondale. Atatero adatiyang'ana mmodzimmodzi, nafunsa mofatsa, "Nanga inu, ana anga, kwanuko mumaphikira chiyani?"

Palibe adayankha. Tonse asanu ndi awiri timachokera m'makomo ophikira makala. Tiyi amene tidamwa tsiku lonyamuka adawira pa mbaula. M'Malawi muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'tauni, m'makhitchini mwathu. Bambo aja amanyamula tchimo limene ife timagula ndi ndalama, kenaka n'kusamba m'manja.

M'mawa mwake adatiperekeza mpaka pamphambano. Tidayesa kuwapatsa ndalama, koma adakana. Adangolandira mpope, poti wawo udatha kalekale. Dzina la mpingo wawo sitidalifunse.

Tsiku lachitatulo tidadutsa pa boma la Ntchisi, ndipo madzulo tidafika m'mphepete mwa nkhalango, pafupi ndi nyumba yakale yomangidwa mu 1914 imene lero ndi malo ogona alendo. Tidasiya njinga n'kulowa wapansi. M'katimo ndi mozizira ndi mwamdima ngati m'tchalitchi m'mamawa. Mitengo italiitali yakutana pamwamba, zilambe zikulendewera, anyani akudumpha m'nthambi. Mbiri imati m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankabisala m'phiri limeneli pothawa nkhondo za Angoni. Tili pamalo oonekera, tidaona dziko likutsetserekera kuchigwa, ndipo kutali kum'mawa Nyanja ya Malawi ili mbee. Tidakonza zoti tikafika pamenepa tidzaimba ndi kujambulitsa. M'malo mwake tidagwada, n'kuyamba Korona. Tsiku lachinayi tidabwerera kudzera pa Mponela, mlongo wathu akupalasa giya yake imodzi, ndipo njinga ya makala iliyonse imene tidakumana nayo tidaipatsa moni.

Fanizo la Msamariya wachifundo, pa Luka 10:25-37, talimva kuyambira tili ana. Nthawi zonse tinkadziika pamalo pa Msamariyayo, ife othandiza, ena othandizidwa. Sitidaganizepo kuti tsiku lina tidzakhala ife ogona m'mbali mwa njira, ndi kuti wotidzutsa adzakhala munthu yemwe tidamuweruza kale. Komatu Ambuye Yezu adasankha dala munthu wonyozeka pamaso pa omvera ake kuti akhale chitsanzo cha mnansi.

Tisanamizane, abale. Ubwino wa bambo aja subwezeretsa mtengo ndi umodzi womwe. Mapiri a Dowa akupitirira kuyera, mitsinje ikuphwa, ndipo Lamulo la Nkhalango la 1997 loletsa kuwotcha makala popanda chilolezo lili ndi chifukwa chake. Koma kalata ija ya Papa Francis imaphunzitsa kuti kuwonongeka kwa chilengedwe ndi kuzunzika kwa amphawi ndi bala limodzi. Ife tidawerenga theka loyamba lokha, chifukwa ndi limene linkatilola kuloza ena chala.

N'chifukwa chake gulu lathu lagwirizana zinthu ziwiri zazing'ono. Choyamba, aliyense akambirane ndi makolo ake za kuchepetsa makala panyumba, monga pogwiritsa ntchito mbaula yadothi ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa. Chachiwiri, tifese mbewu za mitengo m'machubu kuseri kwa holo ya parishi, kuti mvula ikadzayamba mphakati uliwonse udzalandire mbande zake. Amene muli ndi mtima wothandiza, tionane Loweruka likudzali Misa yam'mawa ikatha.

Sabata ino aliyense adzifunse: ndani amene ndimamudutsa osapereka moni chifukwa ndidamuweruza kale? Nanga pa tchimo limene ndimadzudzula mwa mnzanga, gawo langa ndi lotani?

Tipemphere. Atate, Mlengi wa mapiri ndi mitengo, tikhululukireni kunyada kwathu. Dalitsani bambo aja ndi banja lawo, pamodzi ndi onse amene amakankha katundu wolemera kuti ana awo adye. Apatseni njira ina yopezera chakudya, ndipo ife mutipatse mtima wosintha pamene tingathe. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.